Mahomoni a Zomera: Chimene Chimalamulira Kakulidwe ka Mbewu ndi Kulimbirana Malo M'munda

Funso lake ndi lotani

Chimanga cha mtundu umodzi, chodzalidwa tsiku limodzi, chingakule mosiyana kwambiri. Chimene chamera pachokha chimakhala ndi phesi lonenepa, masamba otambalala ndi mizu yambiri. Chimene chamera mothithikana chimatalika msanga, chimaonda, ndipo kawirikawiri chimabereka kachisononkho kakang'ono kapena osabereka n'komwe. Ambiri amati chifukwa chake n'chakuti mbewu zothithikana zimalandana chakudya, madzi ndi dzuwa. Zimenezi n'zoona, koma si zonse. Kafukufuku wasonyeza kuti mbewu imayamba kusintha kakulidwe kake isanasowe kanthu kalikonse. Imazindikira kuti pafupi pali mnzake, ndipo imasintha kagawidwe ka chakudya chake kukonzekera mpikisano umene sunayambe.

Chomera chilibe ubongo kapena mitsempha yonyamula mauthenga ngati nyama. Chimene chili nacho ndi mahomoni. Awa ndi timankhwala timene chomera chimapanga chokha, pa mlingo wochepetsetsa, timene timauza maselo zochita: kugawikana, kutalika, kudikira, kupsa kapena kufa. Mahomoni si chakudya. Shuga wopangidwa m'masamba ndi michere yochokera m'nthaka zili ngati njerwa ndi simenti, pamene mahomoni ali ngati kapitawo wouza amisiri khoma loyamba kumanga. Popeza chakudya cha chomera chili ndi malire, chimene chapita ku tsinde sichingapitenso ku mizu kapena ku njere. Nkhani ya mahomoni ndi mpikisano yagona pa kagawidwe kameneka.

Mmene mahomoniwa anadziwikira

Mu 1880, Charles Darwin ndi mwana wake Francis anafalitsa zotsatira za ntchito yawo pa timbewu ta udzu tongomera kumene. Anaona kuti kambewu kamapindikira kumene kukuchokera kuwala. Akavindikira nsonga yake ndi kachipewa kosalowa kuwala, sikankapindika, ngakhale kuti malo opindikawo ali m'munsi mwa nsonga. Anaganiza kuti pali china chake chimene chimatsika kuchokera ku nsonga. Patapita zaka pafupifupi makumi atatu, Peter Boysen-Jensen wa ku Denmark anadula nsonga n'kuibwezera pamalo pake ataika kanthu pakati. Pakakhala gelatin, amene madzi amatha kudutsamo, kambewu kankapindika. Pakakhala kamwala kopyapyala kosadutsa madzi, sikankapindika. Mu 1926, Frits Went wa ku Utrecht m'dziko la Netherlands anaika nsonga zodula pa tizidutswa ta gelatin kuti tiyamwe chinthucho. Kenako anaika kachidutswa kamodzi mbali imodzi ya kambewu kodulidwa nsonga, ndipo kanapindika ngakhale kunali mdima. Chinthucho chinatchedwa auxin.

Mahomoni ena anadziwika kudzera m'mavuto wamba. Alimi a mpunga ku Japan ankavutika ndi nthenda yotchedwa bakanae, imene inkatalikitsa mbande mopitirira muyeso mpaka kugwa zisanabereke. Mu 1926, Eiichi Kurosawa, akugwira ntchito ku Taiwan, anapeza kuti chochititsa ndi mankhwala otuluka m'kachilombo ka mtundu wa bowa. Mankhwalawo anatchedwa gibberellin mu 1935, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti zomera nazo zimawapanga zokha. Ku St Petersburg mu 1901, Dimitry Neljubow anaona kuti mbande za nsawawa zinkakula chogona chifukwa cha mpweya wa nyale za gasi, ndipo anapeza kuti mpweya wochita zimenezi ndi ethylene. Mu 1934, Richard Gane anasonyeza kuti zipatso zimatulutsa mpweya womwewo. Cytokinin inapezeka mu 1955 ku Wisconsin, pamene Folke Skoog ndi Carlos Miller ankafuna chinthu chogawanitsa maselo a fodya m'botolo, ndipo mtundu wake wachilengedwe unapezeka m'njere zanthete za chimanga mu 1963. M'chaka chomwecho, magulu awiri, lina lofufuza thonje ku California ndi lina lofufuza mitengo ku Wales, anapeza abscisic acid. Poyamba ankaganiza kuti ndiyo imathothotsa masamba ndi zipatso, koma ntchito imeneyo kwenikweni ndi ya ethylene. M'zaka zotsatira anawonjezerapo brassinosteroid, jasmonate, salicylic acid ndi strigolactone.

Zimene mahomoni amachita m'chomera

Auxin imapangidwa kwambiri ku nsonga ndi m'masamba anthete, ndipo imatsika m'tsinde kudutsa selo ndi selo, pafupifupi sentimita imodzi pa ola. Ikafika m'selo la tsinde, imafewetsa khoma la selolo, madzi amalowa, selo n'kutalika. Kuwala kukachokera mbali imodzi, auxin imaunjikana mbali ya mthunzi, mbali imeneyo imatalika kwambiri, ndipo tsinde limapindikira ku dzuwa. M'mizu zimatembenuka. Auxin yambiri imachedwetsa kutalika kwa maselo a muzu, choncho muzu ukagona chopingasa, auxin n'kusonkhana kunsi kwake, mbali ya pamwamba ndiyo imakula msanga, muzuwo n'kulowa pansi. Homoni imodzi imachita zosiyana malinga ndi chiwalo, mlingo wake ndi msinkhu wa chomera. Ichi n'chifukwa chake si bwino kuloweza kuti homoni yakuti ntchito yake ndi yakuti basi.

Ntchito ya auxin imene alimi amaidziwa bwino ndi yoletsa nthambi. Nsonga ikakhalapo, timaso ta m'khwapa mwa masamba timagona. Mu 1933, Kenneth Thimann ndi Skoog anasonyeza kuti nsonga ikadulidwa timasoti timaphuka, koma auxin ikapakidwa podulapo timagonabe. Mlimi wa fodya akadula nsonga kuti chakudya chipite ku masamba, mphukira zimabuka m'khwapa monse ndipo amayenera kuzichotsa mobwerezabwereza. M'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje amafuna zosiyana ndi zimenezo: kudulira ndi kuthyola nsonga pafupipafupi kumachulukitsa nthambi, n'chifukwa chake tiyi amakhala wathyathyathya pamwamba ndi mphukira zambiri.

Cytokinin imachita motsutsana ndi auxin pa nkhani imeneyi. Imadzutsa timaso, imagawanitsa maselo, ndipo imachedwetsa kukalamba kwa masamba. Mizu ikapeza nayitirojeni wokwanira imatumiza cytokinin yambiri kumtunda, ndipo masamba ndi nthambi zimakula. Mu 1957, Skoog ndi Miller anapeza kuti maselo a m'botolo amatulutsa mizu auxin ikachuluka, ndipo amatulutsa mphukira cytokinin ikachuluka. Njira yochulukitsira mbewu ya nthochi yopanda matenda m'malabotale yatsamira pa mfundo imeneyi.

Gibberellin imatalikitsa tsinde ndi kudzutsa njere. M'maselo muli mapuloteni otchedwa DELLA amene amaletsa kukula, ndipo gibberellin ikabwera imachititsa kuti mapuloteniwo aphwanyidwe. M'njere yonyowetsedwa, kamtima kake kamatulutsa gibberellin, imene imalamula kuti chakudya chosungidwa chisungunulidwe kukhala shuga. Chimera chopangira thobwa chimatsekemera pa chifukwa chimenechi. Abscisic acid imakokera kwina. Imagoneka njere kuti isamere nthawi isanakwane, moti chimanga chimene chili ndi vuto losapanga homoniyi chimamera chikadali pachisononkho. Madzi akachepa, homoni yomweyi imatseka timabowo ta pamasamba. Madzi amasungika, koma mpweya wopangira chakudya sulowanso bwino, choncho kukula kumaima.

Ethylene ndi mpweya, ndipo mphamvu yake imaoneka ukatsekeredwa. Nthochi zovundikidwa zimapsa msanga chifukwa mpweya wake suthawa, ndipo chipatso chikayamba kupsa chimatulutsa wina wambiri. Mpunga ukamizidwa ndi madzi osefukira, ethylene imadzaza m'thupi mwake. Mitundu ina ya ku Asia imayankha potalika mpaka masentimita 20 pa tsiku kuti masamba atulukire pamwamba pa madzi. Ina, yokhala ndi jini yotchedwa SUB1A imene inafotokozedwa mu 2006, imaleka kukula n'kusunga chakudya chake, ndipo imapirira pansi pa madzi pafupifupi masabata awiri. Njira yoyamba imathandiza pamene madzi amakwera pang'onopang'ono n'kukhalitsa, yachiwiri pamene amabwera mwadzidzidzi n'kuphwa msanga.

Mmene chomera chimadziwira kuti chili ndi mnzake pafupi

Masamba obiriwira amameza kuwala kofiira popanga chakudya, koma sameza kuwala kwa far-red, kumene kuli kumapeto kwenikweni kwa zimene diso la munthu limaona. Kuwala kumeneku kumadutsa m'tsamba kapena kunjanja n'kupita cham'mbali. Padzuwa lenileni, kuwala kofiira ndi kwa far-red kumakhala pafupifupi kofanana, kofiirako kuposerako pang'ono. Pansi pa masamba othithikana, kofiira kungatsike kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a far-red. Mthunzi wa mtambo kapena wa mwala umachepetsa mitundu yonse iwiri mofanana, choncho chomera chimatha kusiyanitsa mthunzi wa chinthu chakufa ndi wa chomera chinzake.

Chimene chimayeza kusiyanaku ndi puloteni yotchedwa phytochrome, imene inapezeka mu 1959 ku Beltsville m'dziko la America. Kuwala kofiira kumaidzutsa, ndipo ikadzuka imapondereza mapuloteni ena otchedwa PIF amene amayambitsa kutalika. Far-red ikachuluka, phytochrome imagona, ma PIF amamasuka, masamba amapanga auxin yambiri n'kuitumiza ku tsinde. Gibberellin nayo imawonjezeka, ma DELLA amaphwanyidwa, ndipo m'maola ochepa tsinde limayamba kutalika. Masamba amaimirira chilili, nthambi zimachepa, mizu imalandira chakudya chochepa, ndipo zomera zambiri zimachita maluwa msanga.

Umboni wofunika kwambiri unachokera ku Buenos Aires. Mu 1990, Carlos Ballaré ndi anzake anasonyeza kuti mbande zimayamba kutalika masamba a anzawo asanaziphimbe. Kuwala kwa far-red konjanja pa masamba a mbewu yoyandikana n'kokwanira. Atakutira tsinde la mbande ndi chosefa chotsekereza far-red, mbandeyo sinatalike ngakhale inali pakati pa zinzake. Ku Netherlands, Ronald Pierik ndi anzake anapeza mu 2003 kuti fodya wosinthidwa kuti asamamve ethylene amachedwa kutalika akathithikana, ndipo fodya wamba amamupitirira n'kumuphimba. Zikuoneka kuti mpweya umenewu nawo ndi chizindikiro chakuti malo achepa.

Kodi kutalikaku kumapindulitsadi chomera? Susan Dudley ndi Johanna Schmitt anayesa zimenezi mu 1996 pa chomera cham'tchire cha ku America. Pothithikana, zomera zotalika zinapambana zazifupi. Pamalo otakasuka, zotalika ndizo zinatsalira. Kutalika kuli ndi mtengo wake, ndipo kumabweza phindu pokhapokha mpikisano ulipodi.

Mbali ina ya mtengowo ndi chitetezo. Chomera chikalumidwa ndi mbozi chimapanga jasmonate, imene imayambitsa mankhwala owawa kapena osokoneza m'mimba mwa mboziyo. Mu 2009, gulu la Ballaré linasonyeza kuti kachitsamba ka Arabidopsis kakamva far-red kamachepetsa kumvera jasmonate, ndipo mbozi zodya masamba ake zimanenepa msanga. Mbozi imene anagwiritsa ntchito ndi ya mtundu womwe uja unalowa mu Africa mu 2016 n'kuwononga chimanga kuno kwathu. Mayesowo sanali pa chimanga, choncho sitinganene kuti kuthithikana ndiko kumabweretsa mbozizi m'munda. Chimene akutiphunzitsa n'chakuti chomera chothamangira dzuwa chimafooketsa chitetezo chake.

Chopindulitsa mbewu imodzi chingaluzitse munda wonse

M'tchire, chomera chotalika kuposa chinzake chimapambana chifukwa chimabereka ana ambiri kuposa mnzakeyo. M'munda wa mbewu ya mtundu umodzi, zonse zimatalika pamodzi ndipo palibe yopitirira inzake. Dzuwa logwera pa mundawo siliwonjezeka. Chimene chachitika n'chakuti chakudya chimene chikanapita ku njere chathera ku mapesi, ndipo mapesi oonda amagwa mphepo ikaomba. Katswiri wa ku Australia, Colin Donald, analemba mu 1968 kuti mbewu yabwino ya m'munda iyenera kukhala yofooka pa mpikisano. M'chaka chomwecho, Peter Jennings ndi mnzake ku bungwe la IRRI ku Philippines anasonyeza kuti mpunga wautali ukasakanizidwa ndi waufupi umaupondereza, koma uliwonse ukadzalidwa paokha, waufupi ndiwo umakolola zambiri.

Kuchuluka kwa tirigu ndi mpunga kumene kunachitika ku Asia m'zaka za m'ma 1960 kunachokera pa mfundo imeneyi. Mitundu yakale ikapatsidwa feteleza wambiri inkatalika n'kugwa. Norman Borlaug, akugwira ntchito ku Mexico, anagwiritsa ntchito majini ofupikitsa ochokera ku tirigu wa ku Japan wotchedwa Norin 10, ndipo analandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1970. IRRI inatulutsa mpunga waufupi wa IR8 mu 1966. Amene anapanga mitunduyi sankadziwa kuti akusintha mahomoni. Zinadziwika mu 1999 kuti tirigu waufupi ali ndi DELLA yosamvera bwino gibberellin, ndipo mu 2002 kuti IR8 imapanga gibberellin yochepa. Koma mbewu yofooka pa mpikisano imafookanso pamaso pa udzu, choncho imafuna kupalira kwambiri kapena mankhwala. Phindu lake limabwera kwa mlimi amene angathe kuiteteza.

Chimanga chinayenda njira ina yofananako. Donald Duvick, ku Iowa, anadzala limodzi mitundu ya chimanga cha haibulidi yotulutsidwa kuyambira m'ma 1930. Zikadzalidwa motalikirana kwambiri, mitundu yatsopano sinkaposa yakale kwenikweni. Kusiyana kwakukulu kunkaoneka pothithikana, chifukwa mitundu yatsopano ili ndi masamba oimirira, sigwa msanga, ndipo siikhala yosabereka ikapanikizika.

Pansi pa nthaka: mizu, strigolactone ndi kaufiti

Mizu nayo imasankha kopita. Ikakumana ndi kachigawo ka nthaka kachonde, auxin imayambitsa timizu tambiri pamalo pomwepo. Ikakumana ndi nthaka yogangatika, imaleka kutalika n'kunenepa. Ofufuza a ku Nottingham anasonyeza mu 2021 kuti chifukwa china n'chakuti nthaka yotere imatsekereza ethylene kuzungulira muzu, ndipo mizu ya mpunga yosamva mpweyawu inabowola nthakayo bwinoko. Zimenezi zikukhudza minda yolimidwa ndi khasu mozama chimodzimodzi chaka ndi chaka, m'mene pansi pa mizere pamauma gwa.

Nkhani ya strigolactone ndi imene iyenera kutikhudza kwambiri, chifukwa ndi nkhani ya kaufiti. Njere za kaufiti n'zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chimabereka masauzande ambirimbiri, ndipo zimakhala m'nthaka zaka zoposa khumi. Njereyo ili ndi chakudya cha masiku ochepa okha, choncho siimera pokhapokha itamva kuti muzu wa chimanga, mapira kapena mpunga uli pafupi. Mu 1966, ofufuza a ku America anapeza mankhwala amene amaidzutsa, mu timadzi totuluka m'mizu ya thonje. Kwa zaka pafupifupi makumi anayi panali funso lovuta: chomera chingatulutsirenji chinthu choitana mdani wake? Mu 2005, Kohki Akiyama ndi anzake ku Japan anapeza kuti mankhwalawa amaitana tizilombo tabwino ta mtundu wa bowa, timene timalowa m'mizu n'kumaibweretsera phosphorus posinthana ndi shuga. Mu 2008, magulu awiri anasonyeza kuti mankhwala omwewo ndi homoni yoletsa nthambi.

Ntchito ziwirizi n'zogwirizana. Nthaka ikaguga, makamaka phosphorus akachepa, chomera chimapanga strigolactone yambiri. Kumtunda imachepetsa nthambi kuti pakamwa podyetsa pachepe, ndipo kunsi imaitana othandiza. Kaufiti amamva kuitana komweko. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kaufiti amachulukira m'minda yoguga ya anthu osauka, ndipo amachepa m'munda wothiridwa manyowa ndi feteleza. Akalumikizana ndi muzu amayamwa madzi ndi chakudya, komanso amasokoneza mahomoni a chimanga, moti chimapinimbira kaufitiyo asanatulukire n'komwe pamwamba. Maluwa ofiira akamaoneka, kuwononga kwakukulu kwachitika kale. Kuzula kumathandizabe, koma phindu lake ndi la chaka chamawa, chifukwa kumaletsa njere zatsopano.

Kudziwa zimenezi kwabala njira zingapo. Thonje, soya, mtedza ndi khobwe zimadzutsa njere za kaufiti wa chimanga koma sizimudyetsa, ndiye amamera n'kufa, ndipo kasinthasintha wa mbewu amachepetsa njerezo pang'onopang'ono. Mlimi asamale ndi kaufiti wina wa maluwa achikasu amene amagwira khobwe, soya ndi mtedza. Ku Kenya, Zeyaur Khan wa bungwe la icipe anapeza kuti chomera chotchedwa desmodium chikadzalidwa pakati pa chimanga chimalepheretsa kaufiti kulumikizana ndi mizu. Ku North Carolina ndi South Carolina, kumene kaufiti anapezeka mu 1956, boma linkapopera ethylene m'nthaka kuti njere zimere popanda chodya, njira imene inathandiza kwambiri koma n'njodula. Gebisa Ejeta wa ku Ethiopia, amene analandira World Food Prize mu 2009, anapanga mitundu ya mapira yopirira kaufiti, ndipo mu 2017 zinadziwika kuti ina mwa mitunduyo imatulutsa strigolactone ya mtundu umene sudzutsa kaufiti kwambiri. Mu 2023 ofufuza anapeza zofanana m'mitundu ina ya chimanga. Njira ya mbewu imeneyi ndi imene ikulonjeza zambiri kwa mlimi wamng'ono, chifukwa siifuna kuti agule china chilichonse kupatula mbewuyo.

Zimene akatswiri akutsutsanabe

Kuti auxin imaletsa nthambi n'zosakayikitsa, koma mmene imachitira n'pamene pali mkangano, popeza auxin yotsika m'tsinde siilowa m'kaso. Ena amati imatuma mahomoni ena: imachepetsa cytokinin n'kuwonjezera strigolactone. Ottoline Leyser wa ku Cambridge ndi anzake amati kaso kamaphuka pokhapokha katatha kutulutsa auxin yakeyake kulowa m'tsinde, ndipo njira ikadzaza ndi auxin ya ku nsonga, kasoko kamalephera. Mu 2014, gulu la Christine Beveridge ku Queensland linapeza kuti timaso ta nsawawa ta masentimita 40 kuchokera ku nsonga timayamba kukula pasanathe maola atatu chidulireni nsongayo. Auxin siingachepe msanga chotero pa mtunda umenewo, koma shuga amayenda mofulumira. Iwo anati shuga ndiye amayambitsa kuphuka, mahomoni n'kudzasankha mphukira zopitirira. Mfundo zitatuzi zikhoza kukhala zoona pa nthawi zosiyana za kuphukako.

Mkangano wina ndi wa kukula ndi chitetezo. Maganizo akale amati chomera sichingachite zonse ziwiri chifukwa chakudya n'chochepa. Mu 2016, gulu la Gregg Howe ku Michigan linapanga Arabidopsis yokula bwino komanso yodziteteza kwambiri, posintha majini okhudza jasmonate ndi phytochrome. Izi zikusonyeza kuti mbali ina ya kusinthanitsako ndi lamulo la mahomoni, osati kusowa kwenikweni. Otsutsa amati zomera zimenezi zinakulira m'chipinda chosamalidwa, ndipo m'munda wosowa madzi ndi chonde mtengo wake ungaonekere. Chenjezo limeneli ndi lomveka, ndipo likukhudza mbali yaikulu ya maphunzirowa, popeza zambiri zimene zikudziwika zinachokera ku kachitsamba kamodzi komweko.

Pa za mizu, kafukufuku wa mu 2001 anasonyeza kuti soya wogawana nthaka ndi mnzake amachulukitsa mizu n'kuchepetsa njere. Mu 2007, Dudley ndi Amanda File ananena kuti chomera china cha m'mphepete mwa nyanja chimachepetsa mpikisano wa mizu chikakhala ndi abale ake a mayi mmodzi. Ofufuza ena anapeza zofanana, ena ayi, ndipo ena anasonyeza kuti kukula kwa chidebe chodzalamo kungasokoneze zotsatira. Ndi bwino kuimva nkhaniyi ngati yosatha, ndipo mawu akuti zomera zimakonda abale awo apitirira umboni umene ulipo. Palinso kusagwirizana pa abscisic acid. Kale ankati mizu ikamva chilala imaitumiza ku masamba, koma mayeso olumikiza tsinde la chomera china pa mizu ya china anasonyeza kuti masamba amatha kupanga yawo yokwanira.

Tanthauzo lake kwa mlimi

Kupalira msanga kuli ndi chifukwa china choposa kulandana feteleza. Clarence Swanton ndi anzake ku Guelph m'dziko la Canada anasonyeza kuti chimanga chanthete chikamva far-red yochokera ku udzu wapafupi chimatalika n'kuchepetsa mizu, ngakhale udzuwo usakulanda madzi kapena chakudya. Akatswiri sagwirizana kuti zimenezi zimachepetsa zokolola mochuluka bwanji poyerekeza ndi kulandana kwenikweni, koma onse amavomereza kuti udzu wa m'masabata oyambirira ndi umene umawononga kwambiri, ndipo kupalira mochedwa sikubweza zonse zotayika.

Kadzalidwe nako n'kofunika. Njere zitatu paphando limodzi zimayamba kuonana tsiku lomera. Njira ya Sasakawa, ya njere imodzi paphando, masentimita 25 pakati pa mapando ndi 75 pakati pa mizere, imapereka mbewu pafupifupi 53,000 pa hekitala, koma iliyonse ili ndi danga lofanana kuzungulira. Kuchuluka kotere kumafuna chonde chokwanira ndi mbewu yopirira kuthithikana. Chimanga chamakolo chachitali, pa nthaka yoguga, sichingayankhe chimodzimodzi. Kupatulira mbande za fodya, tomato kapena mpunga pa nazale kuyeneranso kuchitika zisanayambe kuonda, pakuti mbande yowonda imakhala ndi mizu yochepa ndipo imavutika ikaokeredwa.

Mahomoni opangidwa m'mafakitale ali kale m'masitolo a zaulimi. Ufa wopaka pa nthambi zodula kuti zimere mizu ndi auxin. Mankhwala a 2,4-D, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'ma 1940, ndi auxin yamphamvu imene chomera cha masamba otambalala chimalephera kuiphwanya, ndiye chimakula mopotoka mpaka kufa, pamene chimanga ndi udzu wa masamba aatali zimapirira. Thonje, tomato, fodya ndi nyemba zimavulala ndi mlingo wochepa kwambiri, kaya wouluka ndi mphepo kapena wotsalira m'mpope, choncho mpope wopopera 2,4-D usagwiritsidwe ntchito pa mbewu zimenezi, ndipo mankhwalawa sayenera m'munda wa chimanga chosakaniza ndi nyemba, maungu kapena nandolo. Alimi a chinanazi m'mayiko ambiri amapopera ethephon, imene imatulutsa ethylene, kuti munda wonse uchite maluwa nthawi imodzi. Kupsetsa zipatso ndi mankhwala a carbide n'kosiyana: amatulutsa mpweya wina wongofanana ndi ethylene, angakhale ndi zotsalira za poizoni, ndipo mayiko ngati India anaziletsa. Mankhwala opopera pamasamba amene amalonjeza kukulitsa mbewu ayenera kuyesedwa ndi funso limodzi, lakuti mbewuyo ikusowa chiyani. Gibberellin yopoperedwa pa chimanga chosowa nayitirojeni imatalikitsa phesi, koma masamba amakhalabe achikasu ndipo chisononkho sichikula.